Tsiku limene agogo anatibwezera m'chikuta

Ndikangotsegula kachitini ka solushoni womatira chubu, fungo lake lakuthwa lija n'kundilasa m'mphuno, ndimawaona agogo anga aamuna atakhala pa mpando wozulidwa m'galimoto yakufa, pansi pa mkuyu wa m'mbali mwa msewu wafumbi wa ku Kapondo, chubu cha njinga atachimiza m'beseni la madzi akuda, akuchizunguliza pang'onopang'ono kudikira kuti tithovu tiwaululire pamene pabooka. Fungo la girisi linkasakanikirana ndi utsi wa chingambwe chimene ankapichira m'pepala la nyuzi, nyundo ikulira ngwe ngwe pa limu, pampu yawo yokalamba ikupuma movutikira ngati munthu wa mphumu. Makasitomala awo ambiri anali anyamata odutsa njira zachidule kupita ku Zambia atasenzetsa njinga mabelo a shuga, pobwerera n'kuimanganso ndi zitenje ndi matumba a feteleza. Njinga zoterozo zinkafika pamkuyu malimu atapindika ngati mbale yopondedwa ndi ng'ombe, ndipo agogo ankaziyang'ana kaye nthawi yaitali, akupukusa mutu, asanazigwire.

Dzina lawo anali a Mbewe, koma dera lonse linkawatchula a Zam'magazi. Chilichonse pansi pano kwa iwo chinali cha m'magazi. Mwana akagwidwa akuba mango, ankati, "Za m'magazi izo, agogo ake ankaba mbuzi." Mbuzi ikalumpha khola, ankatchula mbiri ya make. Ngakhale njinga yophwa matayala kawirikawiri ankainena kuti ndi ya ku banja loipa. Koma chiphunzitso chawo chachikulu, chimene ankachibwereza kwa amuna osewera bawo pambali pa shedi yawo, chinali chakuti mwamuna amabadwa ndi chitsulo m'manja, mkazi amabadwa ndi moto wa kukhitchini, ndipo palibe sukulu imene ingasinthe zimenezo.

Ndiye Mulungu, posafuna kuti mkuluyo akhale pamtendere, anawatumizira ife. Mayi athu, mwana wawo woyamba, anabereka mapasa: ine Veronika ndi mlongo wanga Damiyano. Bambo athu anapita kukagwira ntchito ku esiteti ya fodya kutsidya kwa malire, osabwereranso, choncho tinakulira pakhomo pa agogo. Damiyano anabadwa wofooka, wolira, wosafuna kuchoka kumbuyo kwa mayi ngakhale pang'ono. Nanga msana si umodzi? Iye anakulira pamsanapo, akusuzumira paphewa pa mayi pamene ankakazinga mandasi ndi zitumbuwa zogulitsa. Ine ankangonditula ku mkuyu. Agogo ankandikhazika m'tayala lakale la lole atayalamo chiguduli, n'kundipatsa belu la njinga kuti ndiziseweretsa. Ankanditchula akazi awo aang'ono, monga amachitira agogo ndi zidzukulu, ndipo ankauza makasitomala kuti asandiyang'anitsitse chifukwa mwini wake ndi wansanje.

Vuto linayamba ndili ndi zaka ngati zisanu ndi ziwiri. Tsiku lina agogo atatanganidwa ndi bawo, ndinatenga chubu chimene anasiya, n'kupala pobookapo, kupaka solushoni, kuuzira mpaka aume, n'kumata chigamba monga ndinkawaonera. Mwini njinga atabwera anapopa, tayala n'kulimba gwa. Nthawi yomweyo Damiyano anatulukira atasenza mbale ya zitumbuwa, akulengeza monyadira kuti wazikanda ndi kuziumba yekha. Amuna a pabawo anagwa nako kuseka. Mmodzi anati, "A Zam'magazi, nanga awa ndiye magazi ati?" Agogo anaimirira nkhope itachita mdima, n'kutola chubu chakale choti andikwapule nacho.

Apo ndi pamene anafika agogo aakazi, a Naphiri. Anali munthu wamfupi, wolankhula mosathamanga, wosunga kabotolo ka fodya wamphuno pamfundo ya chitenje. Anaima pakati pa ine ndi chubucho, nati, "Musam'menye mwana, a Mbewe. Cholakwa mwina ndi changa."

Kuti mumvetse zimene ananena, muyenera kudziwa kuti agogo aamuna anali mkamwini pamudzipo. Kwawo kunali kutsidya kwa malire, ndipo anabwera ndi kamwambo kakwawo. Tsiku lotulutsa khanda m'chikuta, ndiye kuti m'nyumba imene mayi amabindikiramo ndi mwana mpaka mchombo utagwa, mwana wamwamuna ankamugwiritsa nkhwangwa, wamkazi mthiko, kuti manja adziwiretu ntchito yake. Agogo, poti anali munthu wa zitsulo, m'malo mwa nkhwangwa ankagwiritsa ana sipanala yawo yaing'ono yomangira manati a njinga.

"Tsiku lija," anatero agogo aakazi, "ana onse awiri ndinawakulunga m'zidutswa za chitenje chimodzi. Inu munali pachangu, kasitomala akukudikirani. Ndikuganiza kuti ndinawasinthanitsa. Sipanala munagwiritsa mtsikanayu, mthiko n'kupita kwa mnyamata."

Agogo aamuna anatsitsa chubu chija pang'onopang'ono. Anatembenukira amuna a pabawo maso akuwala ngati munthu amene wapeza ng'ombe yake yosochera. "Mwamva? Si ndimanena ine? Magazi ali bwinobwino, wasokoneza ndi mayiyu!" Kuyambira tsiku limenelo ndinaloledwa kugwira zitsulo pamkuyu, koma ngati wodwala amene sangachitire mwina. Kasitomala wachilendo akadabwa kuona kamtsikana kakuwongola masipoko, agogo ankamufotokozera motsitsa mawu kuti, "Musadabwe, panachitika ngozi ali wakhanda."

Koma agogo aakazi sanali munthu wosiya nkhani ikadali yofunda. Mkangano wa awiriwa unatha zaka, ndipo ine ndinakula ndikuumva ngati wailesi yosazima. Ndimakumbukira masana ena a m'nyengo yokolola, tonse titazungulira mulu wa mtedza pabwalo tikuswa, fumbi la makoko likutiyetsemulitsa, nkhuku zikuba tikangoyang'ana kumbali.

"Koma a Mbewe, tandithandizeni, ine sukulu sindinapite," anayamba agogo aakazi. Akayamba choncho tinkadziwa kuti msampha watcheredwa. "Mumati ntchito ili m'magazi. Nanga kachitsulo kongomugwiritsa mwana kamphindi kangalowe bwanji m'magazi? Ngati sipanala inamusintha, ndiye kuti si magazi, ndi chimene mwana wapatsidwa."

"Inu Naphiri, zimenezi n'zakuya, si za amayi."

"Zakuya ngati tayala lija munkamukhazikamo? Mwana mwamulera ndi girisi, mukufuna azinunkhira anyezi?"

"Asa! Nkhuku zanuzi nazonso zakulira pamkuyu pomwepo. Ndi iti imene munaiona ikumata chubu?"

Apo tonse tinaseka, ngakhale agogo aakazi. Agogo aamuna, poona kuti agoletsa, anapitiriza. Anatikumbutsa za thadzi limene linafungatira mazira a bakha chaka chinacho. "Anawalera ndi nkhuku, anawaphunzitsa kupalasa ndi nkhuku. Koma ataona chithaphwi anatani? Onse m'madzi, make akulira kumtunda. Amenewo ndiye magazi!"

Agogo aakazi ananunkha fodya wawo, n'kuyetsemula, n'kupukuta mphuno mosafulumira. "Chabwino. Ndiye kabakha kanu aka kaona chithaphwi chake. Mukukaletseranji?"

Agogo aamuna anati mtedza wa chaka chimenecho unali wofumbwa, nanyamuka kupita ku mkuyu.

Zonsezi zinali zoseketsa mpaka pamene zinafika pa moyo wanga. Sukulu inatithera pa folomu 2 tonse awiri, chaka chimene fodya wa pakhomo sanachite bwino. Tili pakhomo choncho, kunabwera a Tembo, mwini galaja ya mathiraki kufupi ndi boda. Munthuyo anaphunzirira kugwira sipanala pamkuyu pomwepo ali mnyamata, ndipo sanaiwale. Anatsika m'kagalimoto kake, n'kugwada pamaso pa agogo ngakhale anali ndi mimba ya ubwana, nati m'Chinyanja chake cha kutsidya, "Mudala, manje nifuna nibwezeko. Nipatseni mwana mmodzi chabe nimuphunzise mainjini. Amene musankhe imwe, nizabwera kumutenga Loweruka la mawa."

Mathiraki! Ine amene ndinkati ndikapita ku boma ndi mayi ndinkaima m'mbali mwa tala, kumvetsera mainjini akulira pokwera chitunda, mpaka mayi ankachita kundikoka dzanja. Malo anali amodzi, ndipo wosankha anali agogo. Ndinawayang'ana. Iwo anayang'ana amuna a pabawo, amene anali atasiya kusewera kuti amve bwino. Kenaka anati, "Apita Damiyano. Galaja ndi ya amuna."

Ndinakalira kuseri kwa nkhokwe, kulira kwenikweni kotuluka ndi mamina. Zinandipweteka kwambiri chifukwa wonenayo anali munthu amene anandiphunzitsa kumvetsera tcheni ngati chauma. Ndili pomwepo ndinamva wina akufwenthera mbali ina ya nkhokweyo. Anali Damiyano. "Vero, ine fungo la dizilo limandisanzitsa," anatero. Tinakhala pansi mapasa awiri, wina akulirira kupita, wina akulirira kutsala.

M'mawa mwake agogo aakazi anawafunsa amuna awo kuti angatumize bwanji ku galaja mwana amene, malinga ndi mawu awo omwe, anagwiritsidwa mthiko. Agogo aamuna anali atakonzeka. Anati chimene chinasokonekera m'chikuta chikonzedwa m'chikuta. Atibwezeramo, atitulutsenso, aliyense agwire chake, basi nkhani ithe. Mayi anati, "Bambo, anthu atiseka." Iwo anati anthu akhala akuwaseka zaka zonsezi, tsiku limodzi silingawaphe.

Abale inu, zimene zinachitika Lolemba limenelo anthu a kwathu akuzikambabe. Dzuwa lili pamutu, anatilowetsa m'khitchini ya udzu, ife anthu a zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, n'kutikhazika pamphasa pakati pa miphika ndi nkhuku yofungatira imene inkatiyang'ana mokwiya. Agogo aamuna ankafuna atimete mipala monga amachitira ndi makanda, koma ine ndinanena kuti akandigwira tsitsi ndikadziponya pachitsime. Anagwirizana zodula kachidutswa kakang'ono kumbuyo. Kenaka anatikulunga zitenje kuyambira kumapazi mpaka m'khosi, wina chofiira, wina chobiriwira. Pofuna kuti pasakhalenso kusokoneza, agogo anamanga Damiyano mphira wa chubu kumwendo ngati nkhuku yogulitsa, chonsecho mnyamatayo anali atayamba kumera ndevu.

Mwambo umati khanda silituluka lokha, amalinyamula make. Mayi anayesa kundinyamula, msana n'kulira, nati sakufuna kufera zamisala. Anabwereka wilibala ya kwa oyandikana nawo. Ndinayamba ndine kutulutsidwa, miyendo ili lendelende, wilibala ikulira kwii kwii chifukwa inalibe girisi, ndipo ndikuuzeni zoona, pa manyazi onsewo chimene chinkandivutitsa mtima kwambiri chinali kulira kwa wiloko. Panja panali khamu. Amuna a pabawo anabwera ndi mipando yawo. Amayi ochokera kudimba anatula mitolo. Ana anakwera mu mtengo wa mango. Akatekisiti, amene anabwera kudzadzudzula zachikunja, anangotsamira njinga yawo misozi ya kuseka ikutsika.

Agogo aamuna anali atavala jekete yawo ya kutchalitchi. Anandigwiritsa mthiko mwaulemu wonse, nati, "Nayi ntchito yako, mkazi." Atatulutsidwa Damiyano, anayang'ana kaye mphira wa kumwendo kuja kuti atsimikize, n'kumugwiritsa sipanala. Mayi wina kumbuyo anakuwa kuti, "Makandawo salira bwanji?" Damiyano, amene sakana kusangalatsa anthu, analira ng'aa ng'aa ndi mawu ake abesi, bwalo lonse n'kugwa pansi. Agogo okha sanaseke. Analengeza kuti kuyambira mawa mnyamata akhala pamkuyu, mtsikana pachiwaya cha mandasi, ndipo pofika Loweruka aliyense adzaona yekha mphamvu ya magazi akabwerera m'njira yake.

Anthu ena amati ine ndi Damiyano tinapangana kuti tiwononge dala. Ayi ndithu. Tinayesetsa ndi mtima wonse, ndipo n'chifukwa chake zinaipa chotero. Damiyano ankagwira sipanala ndi zala ziwiri ngati wagwira mbewa yowola, ndipo akamaliza nati imodzi ankathamangira kukasamba m'manja. Lachinayi kunabwera mnyamata wa shuga kuti amumatire tayala lakutsogolo. Damiyano anamata bwino ndithu, n'kubwezera wilo, koma manati anangowapotokola ndi manja. Mnyamatayo anakwera, n'kuyamba kutsetsereka kulowera kudambo. Pa bampu yoyamba wilo linatuluka n'kutsogola lokha kulunjika ku Zambia popanda chiphaso, mwini wake n'kutera m'munda wa mbatata, shuga ali mbwee. Sanavulale, koma mawu amene ananena pobwerera atasenza njinga paphewa sindingawalembe pano.

Kwanga nako sikunali bwino. Utsi unkandilowa m'maso, mafuta ankandithovukira m'manja, ndipo mtanda wa ufa sunkandiuza kanthu monga chimandiuzira chitsulo. Mandasi anga a Lachisanu anatuluka okongola kunja, ofiirira bwino, koma ndinali nditaiwala yisiti. Mayi atagwetsa limodzi mwangozi, galu analinunkhiza n'kuchokapo. Mayi anati tiwabise, koma agogo anali atatuma kale mwana kuti mbale ya mandasi a mdzukulu wawo ipite ku mkuyu, amuna a pabawo akalawe umboni.

Ndinapita nayo ndekha mbaleyo. Agogo anasankha lalikulu, n'kulikweza m'mwamba kuti onse alione. "Taonani manja a mkazi akabwerera kwawo," anatero, n'kuluma mwamphamvu. Tinamva kuti gwe! Pakamwa pa agogo panali patatsala dzino limodzi lakutsogolo, limene ankalinyadira kwambiri, ankalumira nalo ulusi ndi kugwirira ndudu. Atachotsa mandasi pakamwa, dzinolo linatsala litaima pamandasipo ngati chikhomo cha m'munda. Panalibe anaseka. Agogo analiyang'ana nthawi yaitali, n'kulizula, n'kuliika m'thumba la malaya. Kenaka anafunsa Damiyano, mawu akutuluka ndi mphepo, ngati angawaphikire kaphala kofewa.

Loweruka a Tembo anafika. Damiyano anali atakhala pa kachikwama kake nkhope ili ngati wopita kundende. Ine ndinaima patali ndi mthiko wanga, nditalimbitsa mtima kuti ndisalirenso pagulu. Amuna a pabawo anali pamalo awo. Agogo anaimirira, n'kukhosomola, n'kuyamba kulankhula ngati woweruza mlandu.

"Anthuni, mwaona nokha kuti ine ndayesetsa. Mwambo tachita, ndipo tachita bwino. Koma akulu anati kuwongola mtengo m'poyamba. Tachedwa. Chitsulo chija anachigwira ali wakhanda chakhala m'thupi nthawi yaitali, chalowa m'magazi. Ndipo zikalowa m'magazi, mukudziwa nonse zimene ndimanena, palibe angazichotse." Anatembenukira a Tembo. "Tenga mtsikanayu. Si kufuna kwanga, ndi magazi."

Amuna a pabawo anagwedeza mitu kuvomereza, poti mfundoyo inali ya a Zam'magazi yeniyeni, yosasintha ngakhale pang'ono. Damiyano analumpha n'kundiponyera chikwama, kuiwala kuti munali zovala zake. Ine ndinangokhala pansi pafumbi n'kuyamba kulira komwe ndinkakukana kuja. Agogo anachotsa sipanala ija m'thumba la jekete n'kundiponyera pamiyendo. "Akazi anga aang'ono, mukandichititse manyazi kumeneko muone," anatero, akuyang'ana kumbali.

Ndikulongedza m'nyumba, agogo aakazi analowa n'kutseka chitseko. Anandikokera pafupi, fungo la fodya wamphuno lili guu, nandinong'oneza kuti, "Tamvera iwe. Sindinakusinthanitseni ayi. Sipanala anagwira ndi Damiyano, iwe unagwira mthiko, bwinobwino. Bodza lija ndinalipeka pomwepo poona chubu chili m'mwamba. Agogo akowo ndawapusitsa zaka zonsezi. Usadzawauze, angafe ndi manyazi." Anaseka mpaka kutsokomola, ndipo ndinalonjeza.

Chinsinsicho ndinachisunga zaka zambiri. Ndinaphunzira mainjini, manja anachita zikanga, madalaivala amene poyamba ankakana kuti mkazi agwire thiraki yawo anayamba kundifunafuna ndi dzina. Damiyano anatsegula kamalo kodyera pafupi ndi galaja, moti dalaivala amandisiyira thiraki n'kupita kukadya kwa mlongo wanga. Agogo anakalamba, maso anachita khungu, shedi ya pamkuyu inagwa.

Atadwala matenda awo omaliza ndinapita kukawaona. Ndinawapeza atagonekedwa pamphasa pakhonde kuti awothere dzuwa la m'mawa, ataonda ngati sipoko. Anandigwira dzanja, n'kulinunkhiza, nati, "Dizilo. Ndi akazi anga aang'ono awa." Tinacheza za mathiraki, akufunsa ngati injini yaikulu nayonso imalankhula ikamadwala. Kenaka anafunsa ngati agogo aakazi ali pafupi. Nditawauza kuti apita kudimba, anandikokera pafupi.

"Naphiri amaganiza kuti anandipusitsa," anatero. "Tsiku lotuluka m'chikuta lija, khanda limene ndinaligwiritsa sipanala linandikodzera. Chitenje chinatseguka, mkodzo n'kukwera m'mwamba mpaka kundilowa m'diso. Iwe, ine ndabereka ana, ndikudziwa kuti mtsikana sakodza choloza kumwamba."

"Ndiye agogo, munkadziwa nthawi yonseyi? Nanga wilibala ija? Manyazi onse aja?"

"Nanga ndikanatani? Munthu wakhala zaka akulalikira pabawo kuti galaja ndi ya amuna, angadzuke tsiku limodzi n'kutumiza mtsikana? Akanandiseka mpaka kumanda, ndipo iwe akanakunena kuti ndiwe mwana wolodzedwa. Pankafunika aone ndi maso awo kuti ndayesa zonse, zakanika." Anapuma kaye, n'kupitisa lilime pa usinini. "Dzino lokha lija silinali m'mapulani."

Ndinaseka ndikulira, misozi ikugwera pa dzanja lawo. Ndinawafunsa kuti tsono pamapeto pake akuti chiyani, ndi magazi kapena ndi tayala lija. Anakwiya pang'ono, ngati kale. "Ndi magazi, iwe! Angawa. Kungoti sanafunse kuti wavala diresi ndani, anangolowa pamene anapeza khomo lotsegula." Kenaka anandifinya dzanja. "Koma usawauze agogo ako aakazi kuti ndinkadziwa. Bodza limene lija ndi chinthu chimene amanyadira kwambiri pa ukwati wathu wonse."

Anamwalira mvula yoyamba isanagwe, ndipo agogo aakazi anawatsatira chaka chinacho. Aliyense anapita akukhulupirira kuti mnzake sanadziwe, ndipo ine sindinaulule kwa wina aliyense wa iwo.

Mkangano wawo sindinauthetse mpaka lero. Mwana wanga wamkazi ndinamulera m'galaja, m'tayala lenileni la thiraki, koma akaona girisi amathawa ngati waona njoka, ndipo akuti adzakhala namwino. Mwana wamwamuna wa Damiyano, wokulira pakati pa mapoto, amandizembera kudzagona pansi pa mathiraki. Ndikati ndi maleredwe, mwana wanga amanditsutsa. Ndikati ndi magazi, ndimamva agogo aakazi akuyetsemula. Ndinangosiya, aliyense azipita ku chithaphwi chake.

Sipanala ija ili m'thumba la ovolosi yanga tsiku lililonse, ngakhale pa thiraki palibe nati yaing'ono chotero. Dalaivala wachilendo akaima n'kumandiyang'ana modabwa ndikutuluka pansi pa injini, n'kufunsa kuti, "Mayi, ntchito ya amunayi munaitenga kuti?", ndimaigwira m'thumbamo, n'kumuyankha motsitsa mawu monga ankachitira mwini wake: "Musadabwe, achimwene. Panachitika ngozi ndili wakhanda."